Chingwe pa Dzanja la Tekla

Mutu Wachinayi

1. Chenjezo la m'mawa

Munthu akhoza kuyenda Canada yense, kutsikira ku Chicago, kukwera sitima mpaka ku Alaska, koma kuzizira kwa Januwale wa ku Saskatchewan sangakupeze kwina. Kumeneko malovu amauma asanafike pansi. Mbalame zanzeru zonse zimathawa. Amatsala ndi anthu, ndipo ana awo amapitabe kusukulu ngati palibe kanthu.

Lolemba lina m'chaka cha 1936, Paraska Hrynchuk anakama ng'ombe zitatu, kenako anamanga hatchi pachileyi chotsetsereka pa chipale. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo pa masamu panalibe womufika m'dera lonselo. Chaka chimenecho ankayembekezera mayeso a giredi 8. Wokhoza mayesowo ankapita kusekondale ya m'tauni. Wosalemba ankatsala pafamu n'kumadikira womukwatira.

Mng'ono wake Tekla, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali wamanzere. Supuni ankagwira ndi manzere. Nkhuku ankaziwazira tirigu ndi manzere. Ngakhale chizindikiro cha mtanda ankayamba ndi manzere, mpaka bambo awo a Wasyl, amene anawo ankawaitana kuti Tato, atamuwomba khofi.

Mayi awo a Domka ankamanga Tekla mpango kumutu uku akulankhula.

"Paraska, tchera khutu, kunjaku lero sikuli bwino. Mng'ono wakoyu uzimuyang'ana mphuno, masaya ndi zala. Akavula golovesi, umuveke pompo. Akalira kuti zala zikupweteka usamukalipire, chifukwa ndiye kuti magazi akuyendabe. Koma akangoti zii, akanena kuti sizikupwetekanso, imika hatchi pomwepo, umasule chijasi chako, ulowetse manja akewo m'khwapa mwako. Usati ndikafika kaye kunyumba. Amalume ako a Harasym anati akafike kaye kunyumba. Lero mabatani a malaya amawamangira ndi akazi awo. Wamva?"

"Ndamva, Mama. Mumanena zomwezi tsiku lililonse."

"Ndizinena mpaka udzakhale ndi ako ana. Nyamukani."

2. Kope la Tekla

Sukulu yake inali ya chipinda chimodzi, ana makumi atatu, mbaula ya nkhuni pakati. M'mawa uliwonse inki ankaipeza itaundana m'mabotolo, ndipo ankaiyandikiza pambaula kuti isungunuke.

Mphunzitsi wawo anali bambo Harkness, munthu wamtali wochokera ku Ontario, wonyadira kalembedwe kake kuposa china chilichonse. Kwa miyezi itatu ankamangirira dzanja lamanzere la Tekla kumpando ndi kansalu, kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza. Ndi dzanja lamanja Tekla ankalemba ngati mapazi a nkhuku m'matope. M'miyezi yomweyo mwanayo anayamba chibwibwi, chimene analibe kale.

Tsikulo a Harkness anachedwa kumumanga chifukwa ankalimbana ndi mbaula. Tekla anaviika peni mu inki ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kukopera za pabolodi. Zilembo zinkatuluka zowongoka, zokongola. Koma wamanzere akamalemba, dzanja limatsatira pambuyo n'kumapukuta inki isanaume. Mizere itatu yonse inapakika.

A Harkness anatukula kopelo m'mwamba.

"Taonani, ana inu. Ndani walowetsa nkhumba m'kope muno?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Edna Whitlock, mwana wa mwini sitolo, amenenso anali giredi 8, anatembenukira kwa Paraska n'kunong'ona mokweza kuti onse amve.

"Kwanu zonse n'zopotoka eti? Ngakhale hatchi yanu ndaiona, imangokhotera kumanzere."

Mphunzitsi anatulutsa kansalu kaja m'thumba. Tekla anapereka yekha dzanja kumbuyo, osadikira kuuzidwa.

Masana, ana ena akudya buledi wawo wopaka mafuta a nkhumba, a Harkness anaitana Paraska kutebulo kwawo.

"Lachisanu kukubwera woyendera masukulu," anatero. "Adzaona kope lililonse ndipo adzaimirira pambuyo pa mwana aliyense akulemba. Ndikuuze chinthu chimodzi, mtsikana iwe. Dziko lino analipangira dzanja lamanja. Sizasi ndi ya dzanja lamanja, makina osokera ndi a dzanja lamanja, chikwakwa chimodzimodzi. Mwana wamanzere ndi mwana amene akulu ake anachita naye ulesi, palibenso china. Ukamulekerera lero, mawa adzadzicheka pa makina, ndipo ku ofesi iliyonse adzamubweza pakhomo. Ine ndimamumanga maola asanu ndi limodzi. Inu kwanu mumamumasula madzulo onse. Zimene ndakonza masana mumakaphwasula pa chakudya chamadzulo."

"Koma Aphunzitsi, ndi mwana. Sadziwa n'komwe kuti watambasula dzanja liti."

"Ndiye umudziwitse. Ukufuna kudzakhala mphunzitsi, si choncho? Wolephera kuwongola mng'ono wake mmodzi angawongole bwanji ana makumi atatu? Mayina a olemba mayeso ndimapereka ndine, ndipo ndipereka Lachisanu lomwelo. Tekla akadzagwira peni ndi manzere pamaso pa mlendoyo, dzina lako silipita. Uli ndi masiku anayi."

Paraska anabwerera pampando wake. Buledi wake sanamudye.

3. M'khola la mahatchi

Belu lomaliza litalira, a Harkness anamasula kansalu kaja monga mwa masiku onse, n'kukapinda m'thumba. Ana anathamangira kukhola kukatenga mahatchi awo.

Matabwa a kholalo anali atayera ndi chisanu chochokera ku mpweya wa mahatchi. Paraska ali pakati pomanga zingwe za chileyi, Tekla anavula golovesi n'kuyamba kujambula pa chisanucho ndi chala. Anajambula hatchi ikuthamanga, mchira uli m'mwamba, miyendo inayi yonse ili m'malo mwake. Akuluakulu ambiri sakanaijambula choncho. Chala chake chinali cha kumanzere.

Edna ndiye anayamba kuona.

"Paraska, tabwera udzaone katswiri wanu. Belu silinathe n'kulira komwe, wabwerera kale ku manzere." Anakoka chipewa chake chaubweya n'kumwetulira. "Koma usadandaule, mnzanga. Ndikakakhala kusekondale ndizikulembera makalata. Iwe uzindiyankha kuti ng'ombe zabereka zingati."

Anakwera chileyi cha kwawo n'kumapita, akuseka.

Pamsomali panali patakoleka chingwe chomangira mitolo ya tirigu, chopyapyala, cholimba, chokanda ngati minga. Paraska anachikoka.

"Bweretsa dzanja."

"A-a-aphunzitsi amasula kale."

"Aphunzitsi amasula, ine ndikumanga. Kuyambira lero mpaka Lachisanu dzanja ili uliiwale. Panjira, pakudya, pogona, paliponse."

Anayamba wamanga pamwamba pa golovesi, koma ubweya unali wonenepa, chingwe chinkangoterereka. Choncho anatsitsa golovesiyo, n'kuzunguliza chingwe katatu pakhungu penipeni, n'kumanga mfundo imene ankamangira ana a ng'ombe. Anapinda mkonowo kumbuyo n'kuumangirira ku lamba wa chijasi. Golovesi anangoisomeka ku zala, theka m'kati theka kunja.

"Wathinitsa, Paraska."

"Kwera."

4. Mamailosi atatu

Kuchoka pasukulu kufika kwa a Hrynchuk panali mamailosi atatu, opanda mtengo, opanda nyumba, opanda chotchinga mphepo. Paraska anakhala kutsogolo ndi zingwe za hatchi. Tekla anakhala kumbuyo pa udzu, bulangete litamufunda miyendo ndi chifuwa. Kumsana kwake kunalibe kanthu, ndipo mphepo inkachokera komweko.

Asanathe mailosi yoyamba, Tekla anaitana.

"Paraska, g-golovesi yagwa."

"Bodza. Ukufuna ndikumasule basi."

"Yagwadi. Ili uko pamsewu."

Paraska sanacheuke.

Pa mailosi yachiwiri kulira kunayamba. Poyamba kunali kwapansipansi, kenako kunakula mpaka hatchi inaimika makutu.

"Zikuwotcha. Zala zikuwotcha ngati moto. Ndimasule, ndilemba ndi lamanja, ndalumbira. Ndikupatsa riboni yanga yofiira ija."

"Riboni ndiitani ine? Ukudziwa chimene chindichitikire chifukwa cha iwe? Edna, amene satha ngakhale kugawa manambala, apita kutauni atavala nsapato zogogoda. Ine ndizikama ng'ombe mpaka imvi, atandikwatira mwana wa a Bodnar wonunkha adyo uja. Ana onse m'kalasi muja amadziwa dzanja lolembera. Iwe wekha ndiye wapadera?"

"Sindichitira dala. L-limangopita lokha."

"Ndiye lero silipita."

Analiza chikwapu m'mwamba, hatchi inawonjezera liwiro, mphepo nayo inawonjezera.

Atayamba mailosi yachitatu, kulira kunachepa, kenako kunatheratu. Kunkangomveka mapazi a hatchi ndi kukhwekhwereza kwa chileyi.

"Tekla?"

"Sizikupwetekanso," anatero Tekla ndi mawu aang'ono.

Mawu amenewo Paraska anawadziwa. Anali atawamva m'mawa womwewo kwa mayi ake. Manja ake anakoka zingwe pang'ono, hatchi n'kuchepetsa kuyenda, pafupifupi kuima. Kutsogolo utsi wa kunyumba kwawo unkaoneka, ngati mtunda wa mphindi khumi ndi zisanu. Akamasula pano, Tekla adziwa kuti kulira kumamasula chingwe, ndipo mawa alira msanga.

Anagwedeza zingwe, hatchi inapitirira.

"Waona?" anatero. "Wayamba kuzolowera."

5. Beseni la chipale

Anaimika chileyi kuseri kwa khola, kumene a m'nyumba sakanawaona. Mfundo inali itauma gwa, moti anachita kuidula ndi mpeni. Chingwecho anachiponya m'modyera ng'ombe n'kufotsera ndi udzu.

Ndiyeno anaona dzanjalo.

Linali loyera ngati kandulo. Zala zinali zitapindika, zosawongoka. Pamene Tekla ankatsika, dzanjalo linagunda m'mbali mwa chileyi n'kulira ngati thabwa, koma mwini wake sanamve chilichonse.

Paraska anavula golovesi yake n'kumuveka.

"Usanene kanthu. Likafunda likhala bwino. Ukanena, sindidzakulankhulanso mpaka kufa."

M'nyumba munali mofunda, mukununkhira supu wa kabichi. A Domka anapatsa aliyense kapu ya mkaka wotentha. Tekla analandira ndi dzanja lamanja. Mayiyo anaima, n'kumuyang'anitsitsa. Chibadwire mwanayo anali asanalandirepo chinthu ndi dzanja limenelo osauzidwa.

"Golovesi iyo ndi ya Paraska. Yako ili kuti? Tavula."

Ataona zala zija, a Domka anatsegula chitseko n'kuitana amuna awo ndi mawu amene anawo anali asanawamvepo. Kenako anayamba kumasula malaya awo kuti aike dzanjalo m'khwapa.

A Wasyl analowa ndi chipale kumapazi, n'kuwakankhira pambali.

"Ukufuna kumupha mwanayu? Khwapa limathandiza chala chikangoyamba kuyera. Apa pafika patali. Dzanja lotere ukaliyandikiza ku chofunda limawola, ndinaona ndi maso angawa ku njanji, pamene tinkagwira ntchito ndi anthu a mitundu yonse. Amalipaka chipale, mwamphamvu, mpaka magazi atabwerera. Bambo anga ankatero kumudzi kwathu kuja kutsidya kwa nyanja, agogo anganso ankatero. Paraska, tenga beseni ukadzaze panja. Fulumira."

Masiku amenewo pafupifupi aliyense ankakhulupirira zimenezo, kuyambira ku Manitoba mpaka kumapiri. Madokotala a lero amaletsa. Dzanja lozizidwa limafuna madzi ofunda pang'ono ndi kuligwira mosamala. Kulipaka chipale n'kuliwonjezera kuzizira, ndipo kulitikita n'kung'amba mnofu wouma kale. Koma a Wasyl ankamukonda mwana wawo, choncho anapaka ndi mphamvu zawo zonse za mlimi.

Beseni loyamba linatha, Paraska anakatenga lachiwiri. Khungu la pa zala linayamba kusupuka. Pamene dzanja linayamba kumva, Tekla anakuwa mpaka galu anathawira pansi pa bedi.

"Mugwire miyendo," anatero a Wasyl.

Paraska anagwada n'kugwira miyendo ya mng'ono wake. Tekla sanamutchule dzina. Ankangomuyang'ana.

6. Funso la Tato

Kutacha, a Domka anamasula nsalu imene anakulunga dzanjalo. Linali litatupa ngati buledi, lodzaza matuza a magazi akuda. Anatenga singano n'kubaya zala chimodzichimodzi. Chachikulu chinamva. Cholozera chinamva pang'ono. Zitatu zinazo zinangokhala, ngati za munthu wina.

A Wasyl ananyamula mkonowo n'kupita nawo pawindo. Dzulo lake, ndi nyale ya palafini ndi chipwirikiti chija, anali asanaone. Tsopano kunawala. Pamwamba pa dzanja panali mizere itatu yofiirira, yozungulira mkono wonse, yolowa m'khungu.

Munthu amene wamanga mitolo ya tirigu zaka makumi awiri safunsa kuti mzere wotere wachokera kuti.

"Ichi si chisanu chokha," anatero. "Ichi n'chingwe. Tekla, wakumanga ndani?"

Tekla anatsegula pakamwa. Koma mawu anakanirira monga ankachitira m'kalasi. Maso ake anapita kwa mkulu wake.

"Ndi Aphunzitsi," anatero Paraska.

Onse anatembenukira kwa iye.

"Amamumanga tsiku lililonse, funsani aliyense. Dzulo anati tisamasule mpaka titafika kunyumba. Anati ndikamasula, andichotsa pa mayeso."

Tekla anatseka pakamwa n'kuyang'ana pansi.

A Wasyl anakhala pabenchi n'kuyamba kuvala nsapato pang'onopang'ono.

"Ine dzanja lamanzere sindilikonda," anatero. "Ndamumenyapo mwanayu chifukwa cha dzanja lomweli, ndipo kansalu ka m'kalasi kaja sindinakaletse. Ndinati munthu wophunzira akudziwa ntchito yake. Koma kutulutsa mwana panja mu Januwale atamangidwa ngati thole, ngakhale chidakwa sichingatero. Tinawoloka nyanja kuthawa mabwana omanga anthu zingwe, ndiye ndidzawapezenso kuno, pa sukulu imene ndinakhoma nawo misomali ndi manja angawa? Tsono iwe Paraska, mvera. Mawu amene wanenawa ndi olemera. Akhoza kumuchotsa munthu ntchito, akhoza kundilowetsa ine m'ndende, chifukwa sindikudziwa chimene manja anga akachite. Pa nyumba ino tinagonapo ndi njala, tinavalapo masaka, koma bodza sitinaphikepo. Ndikufunsa kamodzi kokha. Ndi mmene zinalili?"

A Domka anaima ndi nsalu m'manja, maso ali pa mwana wawo wamkulu.

"Ndi mmene zinalili, Tato."

"Chabwino. Vala. Tikupita naye kwa dokotala m'tauni, akaone zala zimene zingapulumuke. Msewu wake umadutsa pasukulu. Tikaima pamenepo kaye, ndipo iwe ukanena mawu omwewa ana onse akumva, uku ukumuyang'ana mphunzitsiyo m'maso."

Ulendo uno Tekla anakhala pamiyendo pa mayi ake, atakulungidwa mabulangete atatu. Paraska anafuna kumukonzera mpango, koma mwanayo anabweza mutu n'kuubisa pachifuwa pa a Domka.

Anafika pasukulu belu litalira kale. Kuchokera panja ankamva ana akuwerenga mokweza pamodzi, ndi mawu a bambo Harkness akuwatsogolera.

A Wasyl anamangirira hatchi pa mtengo wa mpanda. Anasolola chikwapu pachileyi n'kuchipinda pawiri m'dzanja. Kenako anatsegula kageti n'kupatuka pang'ono.

"Tsogola," anatero kwa Paraska.